Dzimbiri pa magalimoto akale a khonsolo: ntchito imene imachitika penti asanapoperedwe

Kuseri kwa maofesi a khonsolo ndi m'mipanda ya zipatala za m'maboma ambiri m'dziko muno mumapezeka magalimoto amene anasiya kuyenda kalekale. Ena anakhazikidwa pa miyala matayala atachotsedwa, ena udzu unawamerera mpaka m'mawindo. Ambiri mwa iwo ndi a mtundu wa Toyota Land Cruiser ndi Land Rover, aja okoka ndi matayala onse anayi. M'masiku awo ndiwo ankanyamula amayi oyembekezera, mankhwala, katemera, mabuku a sukulu ndi alangizi kupita kumadera kumene galimoto wamba siingafike m'dzinja.

Pamisonkhano ya makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC anthu amakonda kufunsa mafunso awiri pa za magalimotowa. Loyamba ndi lakuti chikulepheretsa n'chiyani kuti akonzedwe. Lachiwiri ndi lakuti galimoto ikapita ku galaja imakhalirako chiyani milungu yambirimbiri, chikhalirecho mmisiri wina angathe kuipopera penti n'kuibweza isanathe sabata. Mafunsowa ndi omveka, pakuti magalimotowa anagulidwa ndi ndalama za anthu ndipo amakonzedwanso ndi ndalama za anthu. Yankho la onse awiri limakhudza dzimbiri. Kukonza galimoto yadzimbiri ndi kudula chitsulo chodyeka n'kubwezeretsapo chamoyo, ndipo penti amabwera pomalizira penipeni. Nkhaniyi ikufotokoza mmene ntchitoyi imayendera kuti anthu a m'mawodi azitha kusiyanitsa galimoto yokonzedwa ndi galimoto yongophimbidwa.

Chasisi ndi bodi

Magalimoto a m'misewu yovuta anapangidwa mosiyana ndi magalimoto ang'onoang'ono a m'tauni. Pansi pake pali chasisi, chimene ndi mitanda iwiri yaitali yachitsulo yolumikizidwa ndi ina yopingasa, ngati makwerero ogonekedwa pansi. Injini, giyabokosi, masipuling'i ndi zitsulo za chiwongolero zimamangidwa pa chasisi chimenechi. Pamwamba pake amakhazikapo bodi, imene ndi malo okhala anthu ndi katundu, n'kuimanga ndi mabawuti. Ubwino wa kapangidwe aka ndi wakuti bodi ingathe kumasulidwa n'kunyamulidwa, chasisi n'kutsala poyera kuti chikonzedwe pachokha. N'chifukwa chake galimoto ya zaka 25 kapena 30 ikhoza kubwereranso pamsewu.

Land Rover yoyamba inaonetsedwa kwa anthu mumzinda wa Amsterdam mu Epulo 1948. Nthawi imeneyo chitsulo chinali chosowa ku Britain popeza nkhondo yachiwiri yapadziko lonse inali itangotha kumene, choncho kampani ya Rover inapanga mbali zambiri za bodi ndi aluminiyamu, chinthu chopepuka chija amapangira mapoto. Kapangidwe kameneka kanapitirira mpaka pa Defender wakale, amene fakitale ya ku Solihull inasiya kupanga mu Januwale 2016. Komabe chasisi, khoma lolekanitsa injini ndi malo okhala dalaivala, ndiponso mafelemu a zitseko, zonsezi zinali zachitsulo. Motero Land Rover ikhoza kuoneka yosalala kunja pamene pansi pake padyeka kale.

Dzina lakuti Land Cruiser linayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1954, ndipo mtundu wa 70 Series, umene ndi wa maambulansi ambiri a m'zipatala za m'maboma, unayamba kupangidwa mu 1984. Bodi yake ndi yachitsulo yonse. Injini yake ya dizilo yotchedwa 1HZ, ya malita 4.2, imadziwika ndi kukhalitsa. Nthawi zambiri injiniyo imakhala ikadali ndi mphamvu pamene popondera mapazi pabooka kale ndipo denga layamba kudontha.

Mmene dzimbiri limayambira

Dzimbiri limayamba chitsulo chikakumana ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi, madzi ndi mpweya wa okosijeni. Chimodzi mwa izi chikasowa, dzimbiri silipitirira. Ntchito yeniyeni ya penti ndi kutchinga kuti ziwirizi zisafike pa chitsulo. Penti akakalika ndi mwala kapena nthambi, khomo latseguka. Dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chimene ladya, choncho limatupa n'kumatukula penti woyandikana nalo. Lilinso ndi timabowo tambirimbiri timene timasunga chinyezi, ndiye likangoyamba limadzipezera lokha madzi opitirizira ntchito yake. Timatuza tooneka pa penti m'munsi mwa chitseko kapena m'mphepete mwa galasi kawirikawiri timasonyeza kuti dzimbiri layambira kumbuyo ndipo latsala pang'ono kuboola.

Dziko lino lilibe nyanja yamchere, koma zinthu zodyetsa dzimbiri zilipo zambiri. Choyamba ndi matope a m'dzinja, kuyambira Novembala mpaka Epulo. Mitanda ya chasisi ndi yamphako, ndipo galimoto ikamadutsa m'zithaphwi ndi kuwoloka mitsinje, matope amalowa m'katimo n'kutseka timabowo totulukira madzi. Kunja kumauma, koma m'kati mumakhala monyowa kwa miyezi. Chachiwiri ndi katundu. Feteleza, mchere ndi madzi a nsomba zikatayikira pansi zimafulumizitsa dzimbiri kwambiri, monganso asidi wodontha m'batire. Chachitatu chimakhudza maambulansi. Mankhwala a klorini, amene anagwiritsidwa ntchito kwambiri pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, ndi ofunika pophera tizilombo, koma amadya chitsulo akasiyidwa kuti aume okha osatsukuluza ndi madzi oyera. Amalowa pansi pa mphira woyala ndi m'malo omangira machira a wodwala.

Magalimoto ogulidwa atagwirapo kale ntchito ku Britain amabwera ndi vuto lawo. Kumeneko amawaza mchere m'misewu nthawi yozizira pofuna kusungunula madzi oundana, ndipo mcherewo umatsalira m'chasisi. Kuimika galimoto pa udzu kapena pansi pa mtengo kwa nthawi yaitali nakonso kumaononga, chifukwa chinyezi chimakwera kuchokera pansi pamene masamba akuolera m'ngalande za denga.

Kuyeza kumayamba, kukonza kumatsatira

Si galimoto iliyonse imene ili yoyenera kukonzedwa. Chigamulo chimapangidwa galimoto itatsukidwa bwino pansi ndi madzi amphamvu, n'kuikidwa pa dzenje loyezera kumene mmisiri angathe kuima n'kuona zonse. Zida zake zoyamba ndi tochi, nyundo yaing'ono ndi sikuludiraiva. Amamenya chasisi kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Chitsulo chamoyo chimalira bwino, chodyeka chimamveka ngati nkhuni yofumbwa, ndipo nthawi zina nyundo imangolowa.

Dzimbiri limagawidwa m'magulu atatu. Lapamwamba ndi lofiirira chabe ndipo limachoka ndi sandipepa. Lachiwiri ndi lija lomatuka mambamamba n'kusiya timaenje, chitsulo chitayamba kupyapyala. Lachitatu ndi loboola. Koma malo amene dzimbiri lili ndi ofunika kuposa kukula kwake. Bowo lalikulu pa madigadi ndi nkhani ya maonekedwe. Bowo laling'ono pamene masipuling'i amagwira chasisi, pamene pamangidwa bokosi la chiwongolero, pamene bodi imakhala, pomangira malamba a m'mipando kapena pa mtanda wakumbuyo wokokera galimoto inzake, likhoza kuphetsa anthu. Mapaipi a mabuleki nawonso ndi achitsulo ndipo amadutsa m'mbali mwa chasisi. Akadyeka amaphulika pamene dalaivala waponda buleki mwamphamvu, nthawi yeniyeni imene akufunika.

Zonsezi zimalembedwa ndi kujambulidwa, kenako mtengo wokonzera umayerekezedwa ndi phindu limene galimotoyo ingaperekebe. Galimoto yatsopano yamtunduwu imagulidwa ndi ndalama zakunja, pamene gawo lalikulu la ntchito ya bodi ndi luso la manja limene likupezeka m'dziko muno. Izi zimachititsa kuti kukonza kukhale kwanzeru ngati chasisi chili cholimba ndipo injini ikadali bwino. Chasisi chikapindika kapena kudyeka m'malo ambiri, ndalama zoikidwa pa bodi zimangotayika. Nthambi ya boma ya PVHES, imene ambiri amaidziwabe ndi dzina lakale la PVHO, ili ndi akatswiri oyeza magalimoto a boma. Galimoto yosayenera kukonzedwa siigulitsidwa mwa chifuniro cha munthu mmodzi. Imadutsa m'komiti ya khonsolo yoona zogula ndi kugulitsa katundu, motsatira malamulo amene bungwe la PPDA limayang'anira.

Kuphwasula ndi kupala

Galimoto ikavomerezedwa, amisiri amachotsa mipando, mphira wapansi, magalasi, magetsi, mawaya oyandikira malo owotcherera, batire ndi thanki ya mafuta. Chinthu chilichonse chimalembedwa chizindikiro ndipo mabawuti amasungidwa m'timatumba tosiyanasiyana, chifukwa galimoto yophwasulidwa mosasamala imabwerera ikusowa zina. Mndandanda wa zochotsedwa umatetezanso katundu wa khonsolo kuti asasinthanitsidwe ndi wakutha.

Kenako penti wakale ndi dzimbiri zimapalidwa mpaka chitsulo chonyezimira chioneke. Pa malo ang'onoang'ono amagwiritsa ntchito bulashi yawaya, sandipepa ndi makina opalira otchedwa grinder. Pa chasisi njira yoyeretsa bwino ndi kupopera mchenga ndi mpweya wamphamvu, umene umafika ndi m'timaenje momwe. Njirayi imafunika kusamala pa mbali zopyapyala monga zitseko ndi denga, chifukwa ikhoza kuzikhotetsa. Palinso mankhwala okhala ndi phosphoric acid amene amasandutsa dzimbiri lotsalira kukhala chikhungu chakuda chogwira penti. Mankhwalawa amathandiza pa dzimbiri lapamwamba lokha. Sabwezeretsa chitsulo chimene chadyeka, ndipo sangalimbitse malo amene apyapyala.

Ndi pa siteji imeneyi pamene kukula kwenikweni kwa vuto kumaonekera. Kabowo kolowa chala kakhoza kusanduka bowo lolowa dzanja penti akachoka. Nthawi zina pamapezekanso zigamba zakale zobisika pansi pa fila. Choncho mtengo woyamba ukhoza kusintha, koma kusintha kulikonse kumayenera kukhala ndi zithunzi ndi chilolezo cholembedwa ntchito isanapitirire.

Kudula ndi kuwotcherera

Lamulo la ntchitoyi ndi lakuti mmisiri azidula mpaka afike pa chitsulo chowala, chokhuthala monga chinalili poyamba. Kuwotcherera pa chitsulo chadzimbiri sikugwira, ndipo dzimbiri lotsalira m'mphepete limayambiranso pomwepo. Mmisiri amajambula bowolo pa katoni, n'kudula chigamba chofanana nalo pa chitsulo chatsopano. Kukhuthala kwake kuyenera kufanana ndi kwa malo akukonzedwawo: pa bodi ndi pafupifupi milimita imodzi, pa chasisi ndi mamilimita awiri, atatu kapena kupitirira. Malata ofolera nyumba sayenera kugwiritsidwa ntchito. Ndi opyapyala kwambiri, ndipo zinki wokutira malatawo amatulutsa utsi wodwalitsa akapsa.

Chigamba chabwino chimalowa m'bowo n'kukumana ndi chitsulo chakale m'mphepete mokhamokha. Kusanjika chigamba pamwamba pa bowo n'kofulumira, koma kumasiya mpata pakati pa zitsulo ziwirizo pamene madzi amabisala. Chifukwa kutentha kumakhotetsa chitsulo chopyapyala, mmisiri sawotcherera mzere wonse kamodzi. Amaika kadontho apa, kena patali, n'kudikira kuti pazizire, mpaka timadontho tonse titalumikizana. Makina otchedwa MIG ndiwo oyenera kwambiri pa bodi. Makina amalodi, aja owotcherera mageti ndi mafelemu a mawindo, amaboola chitsulo chopyapyala, pamene moto wa gasi umafalitsa kutentha pamalo aakulu, choncho umafuna dzanja lozolowera. Akatha, amapala pamalopo n'kuunika ndi tochi kumbuyo kuti aone ngati patsala timabowo.

Asanadule m'munsi mwa khomo kapena mzati wogwira chitseko, amayamba awotcherera zitsulo zochirikiza kuti bodi isapendekeke. Kupanda kutero zitseko sizidzatsekekanso bwino. Pa chasisi amayeza kuchokera pakona ina kufika pakona yopingasana nayo asanayambe ndiponso akamaliza, chifukwa chasisi chokhota chimadya matayala ndi kukokera galimoto mbali imodzi. Nambala ya chasisi, imene inadindidwa pa chitsulo ndipo imalembedwa m'zikalata za galimoto, siyenera kudulidwa, kupalidwa kapena kukwiriridwa, pakuti ndiyo imayang'anidwa galimoto ikamayezedwa kuti ipatsidwe chiphaso cha COF.

Aluminiyamu ali ndi malamulo ake

Aluminiyamu sachita dzimbiri lofiira, koma naye amadyeka. Pamene wagundana ndi chitsulo pali chinyezi, aluminiyamu ndiye amayamba kutha, n'kusanduka ufa woyera. Izi zimaoneka m'munsi mwa zitseko za Land Rover, pamene chikhungu cha aluminiyamu chinapindidwira pa felemu yachitsulo, ndiponso mozungulira mabawuti. Pokonza, ziwirizi zimalekanitsidwa ndi penti, mphira kapena pulasitiki kuti zisagundane.

Aluminiyamu akamenyedwa kwambiri ndi nyundo amauma n'kung'ambika. Amasungunuka pa madigiri pafupifupi 660, ndipo safiira monga chimachitira chitsulo chikatentha, choncho mmisiri wosazolowera amangozindikira pataboka. N'chifukwa chake mbali zambiri zotere zimalumikizidwa ndi maliveti kapena kusinthidwa ndi zina zochotsedwa pa galimoto yakufa ya mtundu womwewo. Bulashi ndi sandipepa zimene zapala chitsulo siziyenera kukhudza aluminiyamu, chifukwa zimasiya tizidutswa toyambitsa kudyeka. Penti sagwiranso pa aluminiyamu popanda pulaima wapadera wotchedwa etch primer.

Fila, pulaima ndi penti

Chitsulo chopalidwa chimayamba kufiira patangopita maola ochepa ngati kunja kuli chinyezi, choncho chimayenera kupukutidwa mafuta onse n'kupakidwa pulaima tsiku lomwelo. Pulaima wa epoxy ndiye amatchinga madzi bwino. M'mizere molumikizana zitsulo amamatamo phala lotsekera kuti madzi asalowe.

Fila ndi phala limene limauma n'kulimba, ndipo ntchito yake ndi kusalaza timakwinya totsala mmisiri atawongola ndi nyundo. Sayenera kukhuthala kupitirira mamilimita ochepa, atatu kapena kucheperapo. Apa ndi pamene chinyengo chambiri chimachitikira. Wofuna kumaliza msanga amatseka bowo ndi nyuzipepala, sefa kapena kachidutswa ka chitini, n'kumatapo fila wochindikala, kusalaza, n'kupopera penti. Galimoto imatuluka ikunyezimira. Koma fila amamwa madzi kuchokera kumbuyo, ndipo pa msewu wa mabampu amang'ambika n'kugwa mvula imodzi kapena ziwiri zisanathe, bowo litakula kuposa kale. Akuluakulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Pambuyo pa fila pamabwera pulaima wina, amene amasalazidwa ndi sandipepa wosalala, kenako penti weniweni m'mikuto iwiri kapena itatu, mkuto uliwonse ukupatsidwa nthawi youma monga opanga pentiyo analembera. Nyengo imathandiza kapena kuononga. Miyezi ya pakati pa Meyi ndi Okutobala ndiyo yabwino pa ntchitoyi chifukwa kunja kumakhala kouma, ngakhale kuti m'madera okwera a kumwera mvula ya chiperoni imabweretsa chinyezi m'miyezi yozizira, ndipo fumbi la m'chilimwe limamatirira pa penti wosauma. Malo opoperamo ayenera kukhala otchingidwa, pansi patawazidwa madzi. Mtundu wa galimoto umalembedwa m'zikalata zake, choncho kuusintha kumafuna kudziwitsa nthambi yoona za pamsewu.

Kuteteza malo osaoneka

Popeza dzimbiri limakonda kuyambira m'kati, ntchito siitha penti akauma. M'mphako za chasisi, m'munsi mwa zitseko ndi m'mizati amapoperamo mankhwala onga sera amene amayenderera n'kukuta chitsulo. Kumbuyo kwa chigamba chilichonse kumayenera kupakidwa, chifukwa moto unapsereza penti amene analiko. Timabowo totulukira madzi timatsegulidwa. Phula lakuda lopaka pansi pa galimoto limateteza ku miyala, koma likapakidwa pa dzimbiri limangolibisa n'kusunga madzi. Ena amapaka oyilo wakutha wa mu injini, koma ameneyu amaononga mphira, amakokoloka msanga, ndipo amaipitsa nthaka ndi madzi.

Chitetezo chokhalitsa kwambiri cha chasisi ndi kuchiviika chonse mu zinki wosungunuka pa madigiri pafupifupi 450. Ndi njira yofanana ndi imene imateteza malata a denga: zinki amadyeka m'malo mwa chitsulo, ngakhale pamene pakalika. Njirayi imafuna fakitale yokhala ndi thanki yaikulu, ndipo mtengo wake ndi wa mayendedwe uyenera kuwerengedwa pachiyambi.

Moyo wa amisiri

Ngozi yaikulu m'galaja ndi moto. Thanki yopanda mafuta imakhalabe ndi mpweya wokhoza kuphulika, ndiye siwotchereredwa pafupi. Thinala ndi nsanza zamafuta zimasungidwa kutali ndi nsanjenjere za moto, ndipo chozimira moto chimakhala pafupi. Galimoto imakhazikidwa pa zochirikiza zachitsulo, chifukwa jeke, njerwa ndi miyala zimaterereka. Fumbi la mchenga wopopera limaononga mapapo kosachiritsika, ndipo penti wosakaniza ndi mankhwala oumitsa, wodziwika kuti 2K, amayambitsa mphumu kwa wopopera wopanda chophimba kumaso choyenera. Kansalu komanga pamphuno sikateteza ku zimenezi. Galaja yosasamala za amisiri ake kawirikawiri siisamalanso za malo obisika a galimoto.

Luso limeneli likhozanso kupatsa achinyamata ntchito. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, kuphatikizapo kuwotcherera ndi umakaniko, m'masukulu monga Lilongwe, Soche, Nasawa, Salima ndi Mzuzu Technical College. Boma limene lili ndi amisiri ophunzira bwino silitumiza galimoto iliyonse kumzinda, ndipo ndalama zokonzera zimazungulira kwawo komweko.

Zimene anthu a m'mawodi angayang'ane

Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linapereka mphamvu zambiri ku makhonsolo, ndipo lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, limalola nzika kupempha zikalata za mmene ndalama za boma zagwirira ntchito. Kudzera mwa khansala kapena komiti ya ADC, anthu angathe kufunsa lipoti la kuyeza koyamba, mndandanda wa ntchito imene inalipiridwa, zithunzi za galimoto isanapakidwe pulaima, ndi nthawi imene galaja inalonjeza kuti idzakonzanso mwaulere ngati dzimbiri labwerera.

Galimoto ikabwera, pali zinthu zimene munthu wosaphunzira umakaniko angathe kuona. Maginito aang'ono amakakamira pa chitsulo koma amagwa pamene pali fila wochindikala, ngakhale kuti njirayi siigwira pa aluminiyamu. Mphira wapansi ukatukulidwa, payenera kuoneka chitsulo chopakidwa bwino. Zitseko ziyenera kutsekeka popanda kumenyetsa, mipata yake ili yofanana m'mwamba ndi m'munsi. Penti wopezeka pa mphira wa magalasi ndi pa mabawuti amasonyeza kuti galimoto inapoperedwa osaphwasulidwa. Phula lakuda lochindikala pansi, popanda zithunzi zosonyeza mmene panalili lisanapakidwe, ndi chifukwa chokwanira chofunsira mafunso ena.

Kusamalira ikabwerera pa ntchito

Galimoto yokonzedwa bwino imayambanso kuchita dzimbiri ikasiyidwa ndi matope. M'dzinja pansi pake payenera kutsukidwa pafupipafupi, paipi ya madzi ikulowetsedwa m'mabowo a chasisi mpaka madzi otuluka ayere. Ambulansi ikapoperedwa klorini, nthawi yophera tizilombo ikakwana iyenera kutsukuluzidwa ndi kuumitsidwa, mphira wapansi atatukulidwa. Feteleza ndi mchere zinyamulidwe pa lona, ndipo zotayika zisesedwe tsiku lomwelo. Pokalika papakidwe penti pasanafiire. Galimoto iziimikidwa pa simenti kapena pa miyala yaing'onoing'ono pansi pa denga, ndipo mvula ikatha chaka chilichonse izikwera pa dzenje loyezera. Madalaivala ndiwo amayamba kuona zizindikiro, choncho zimene alemba m'buku la galimoto ziyenera kuwerengedwa ndi kuchitidwapo kanthu.

Anthu a m'midzi nawonso ali ndi gawo lawo. Kukonza ngalande za m'mbali mwa msewu, kukwirira zithaphwi ndi kudula nthambi zolendewera kumachepetsa matope ndi mikwingwirima imene imatsegulira dzimbiri khomo. Galimoto yodyeka pansi siichenjeza. Imathyoka pa malo oipa a msewu, itanyamula katundu wolemera, ndipo nthawi zambiri mumakhala muli wodwala. Galimoto imene yalowa m'galaja mu Meyi n'kutuluka mu Ogasiti itadulidwa, kuwotchereredwa ndi kutetezedwa m'kati, imakhala yokonzeka mvula yoyamba ikamagwa mu Novembala, ndipo ikasamalidwa imatumikira wodi kwa zaka zina zambiri.